NCHITO ZIWIRI ZA MAI WA PABANJA

Madzulo ano tikambe za akazi a kwathu okhala ku Imizamo Yethu, mudzi wa m'mbali mwa phiri ku Hout Bay, m'dera la Cape Town, umene unayamba m'caka ca 1991. Kumeneko kuli Amalawi ambiri, ndipo akazi ena analembedwa nchito m'nyumba za eni cuma a m'cigwa comweco.

Mai wotere amadzuka kusanace, natenthetsa madzi, nakonzera ana a sukulu, natsikira ku nchito. Tsiku lonse asesa, acapa, asita ndi kulera ana a eni. Pobwera madzulo apeza nchito yomweyo irikumdikira pakhomo pake, koma iyi njopanda malipiro.

Lamulo la South Africa la 1997 linaika maora 45 pa mlungu kukhala malire a nchito yolembedwa, ndipo m'caka ca 2022 malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba analinganizidwa ndi a anchito ena. Koma lamulo silifika pa mafuwa. Boma litawerenga nthawi ya anthu m'caka ca 2010, linapeza kuti nthawi imene akazi amathera pa nchito ya pakhomo imaposa kawiri ya amuna.

Kumudzi, mai ali ndi amake, abale ndi apongozi omlandira mwana. Kucilendo, mbale wake ndiye mwamuna wake yekha. Tsono inu abambo, ngati ndalama za anthu awiri zilowa m'nyumba imodzi, nayonso nchito ya m'nyumbamo igawidwe pawiri. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsalani bwino.