Kukalambitsa Kasitima ka Malasha

Kasitima kongochoka m'sitolo kamanyezimira mopambanitsa, chonsecho sitima yeniyeni ya malasha inkakhala yothimbirira ndi mwaye. N'chifukwa chake ndimakonda kukakalambitsa ndi penti. Chitsanzo chabwino ndi 9F, injini yokoka katundu imene inkapangidwa ku Britain kuyambira 1954 mpaka 1960. Pa sikelo ya OO, kasitimako kamachepa ka 76 poyerekeza ndi yeniyeni.

Ndimayamba ndakatsuka ndi sopo kuti penti agwire, kenako ndimathira penti woyambirira wotchedwa primer. Penti azikhala wosungunula bwino, wopakidwa kangapo, chifukwa wokhuthala amakwirira timisomali ndi timapaipi.

Litsiro lililonse lili ndi gwero lake, ndipo zithunzi zakale n'zimene zimandilondolera. Mwaye umatera pamsana pa boiler, kumbuyo kwa chumuni. Fumbi lofiirira la mabuleki limamatirira kunsi. Pamene madzi ankadontha pamatsala mizere yotuwa, yotsika molunjika. Phulusa limayeretsa pansi pa ng'anjo, pomwe zitsulo zoyendetsa mateyala zimawala ndi oyilo.

Pomaliza ndimathira vanishi wosanyezimira. Koma pamene teyala limapondera njanji muzipukutapo bwino, poti magetsi oyendetsa kasitimako amadzera pomwepo.