Zipata Ziwiri za Nyumba ya Nkhalamba ku America

Lero titenga nkhani yakutali, ya ku dziko la United States of America, koma mwini nkhaniyo ndi agogo, ndipo agogo alipo pakhomo pa aliyense wa ife. Lamulo lachinayi la Mulungu timaliphunzitsa ana aang'ono ngati kuti limatha mwana akakula. Komatu limayamba kulemera pamene kholo lafooka, pamene silingathenso kusamba lokha kapena kukumbukira ngati lamwa kale mankhwala. Tsono tiyeni tione mmene anthu a dziko lina akhala akulimbanirana pa funso ili: kodi nkhalamba yofooka ikhale pati, ndipo avomereze zimenezo ndani?

Ku America kuli nyumba zazikulu zosungiramo nkhalamba, zokhala ngati zipatala. Koma kulinso njira ina imene mabanja ambiri amaikonda. Munthu amagula nyumba wamba ya zipinda zinayi kapena zisanu, pakati pa nyumba za mabanja ena, nalandiramo nkhalamba zochepa. Amaziphikira, kuzichapira, kuzisambitsa ndi kuzisungira mankhwala, ndipo achibale amalipira mwezi ndi mwezi. Dziko lija lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi boma lake ndi malamulo ake, kotero dzina la nyumba zotere limasiyana. Ku Oregon amazitcha adult foster home, ndipo salola anthu opitirira 5. Ku Washington amati adult family home. Wodutsa pamsewu sangadziwe kuti mnyumbamo muli agogo a mabanja osiyanasiyana, pakuti khonde lake ndi lofanana ndi makonde ena onse.

Kuti nyumba yotere itsegulidwe pali zipata ziwiri zoti munthu adutsepo. Chipata choyamba nchamzinda, ndipo funso lake nlakuti: kodi ntchito imeneyi ingachitike pamalo ano? Chachiwiri ncha boma la chigawo, ndipo icho chimafunsa kuti: kodi agogo adzasamalika bwino mnyumba muno? Tisasokoneze mafunso awiriwa, chifukwa mavuto ambiri amene tikambe anabadwa pamene anthu anawasokoneza.

Tiyambe ndi chipata choyamba. Mizinda ya ku America imagawa malo ake: kuno mafakitale, uko masitolo, apo nyumba zogona. Mchitidwe umenewu iwo amautcha zoning. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lotere mu 1916, ndipo mu 1926 Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko lonse linavomereza kuti mizinda ili ndi mphamvu imeneyi, pa mlandu wochokera ku Euclid m'chigawo cha Ohio. Cholinga chake sichinali choipa ayi. Ndani angakondwe kuona fakitale ya utsi itamangidwa kuseri kwa khitchini yake? Koma madera ambiri ogona anawalemba kuti nyumba iliyonse ikhale ya banja limodzi lokha, ndipo pamenepo khonsolo ya mzinda inayenera kulemba pa pepala kuti banja nchiyani.

Apa mpamene panagona nkhani. Kamudzi ka Belle Terre m'chigawo cha New York kanalamula kuti anthu osakhala pachibale asapitirire awiri mnyumba imodzi, ndipo mu 1974 Bwalo Lalikulu linati lamulolo lilibe cholakwa. Mzinda wa East Cleveland ku Ohio unapitirira apo, nuyamba kusankha ngakhale pakati pa achibale enieni. Kumeneko kunali mayi wachikulire, Inez Moore, amene ankakhala ndi mwana wake wamwamuna ndi adzukulu awiri. Mdzukulu mmodzi anabwera kwa agogo akewo mayi ake atamwalira. Popeza adzukuluwo sanali a mimba imodzi, mzinda unati mwana wamasiyeyo akukhalamo mosemphana ndi lamulo. Agogo anakana kumuchotsa, ndipo anagamulidwa kulipira madola 25 ndi kukhala m'ndende masiku 5. Mu 1977 Bwalo Lalikulu linafafaniza chigamulocho, koma movutikira: oweruza 5 anali mbali ya agogo, 4 anali mbali ya mzinda. Ife kuno, amene mwana wamasiye amangolowa mnyumba ya agogo popanda wofunsa, tingadabwe kuti nkhani yotere inafika pabwalo. Koma ikutionetsa mmene liwu limodzi lolembedwa ndi khonsolo lingatsekere khomo.

Nanga ngati mdzukulu weniweni anavutika chomwecho, nkhalamba zisanu ndi imodzi zosadziwana zikanalowa bwanji? Kwa zaka zambiri wofuna kutsegula nyumba yotere ankayenera kupempha chilolezo chapadera, ndipo pempholo linkakambidwa pamsonkhano wa poyera. Anansi ankadzaza chipinda. Ena ankati magalimoto achuluka pamsewu wathu. Ena ankati ambulansi izidzatidzutsa usiku. Ambiri, ngakhale sankanena mokweza, ankaopa kuti mtengo wa nyumba zawo utsika. Tisawaweruze mwachangu, abale, pakuti kwa ambiri a iwo nyumba ndiyo chuma chokha chimene anakhetsera thukuta moyo wawo wonse. Komabe aphungu a khonsolo amasankhidwa ndi anansi omwewo, pamene agogo amene akufuna malo sanafike nkomwe m'deralo ndipo alibe mawu pamsonkhanowo.

Mlandu umene unayamba kusintha zinthu sunali wa nkhalamba. Mumzinda wa Cleburne ku Texas anthu ena anafuna kutsegula nyumba ya anthu 13 olumala m'maganizo. Khonsolo inakana, nipereka zifukwa zake: anansi sakufuna, tsidya la msewu kuli sukulu, malowo akhoza kusefukira madzi, ndiponso nkhalamba za m'deralo zikuchita mantha. Bwalo Lalikulu mu 1985 linaona kuti m'dera lomwelo munthu akanatha kutsegula nyumba ya alendo kapena chipatala popanda chilolezo chapadera chilichonse. Kodi madzi osefukira amasankha womumiza? Oweruza anapeza kuti chifukwa chenicheni chinali tsankho, ndipo anati mantha opanda maziko sangakhale phata la lamulo. Taonani chodabwitsa: mantha a nkhalamba anagwiritsidwa ntchito potsekera ena khomo, koma chigamulo chimene chinakana manthawo ndicho chinathandiza kutsegulira khomo nkhalamba za pambuyo pake.

Mu 1988 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inawonjezera mfundo pa lamulo la Fair Housing Act la mu 1968, ndipo Pulezidenti Ronald Reagan anasaina. Kuyambira pamenepo nkulakwa kumana munthu malo okhala chifukwa cha kulumala kwake, ndipo mzinda uyenera kufewetsa malamulo ake pamene kutero nkofunika kuti wolumala akhale monga akhalira ena, bola ngati kufewetsako sikusenzetsa mzinda katundu wopyola muyeso. Pano mvetsetsani bwino, inu akatekisi amene mudzafotokozera ena. Lamulo limeneli silitchula ukalamba. Munthu satetezedwa chifukwa chakuti ali ndi zaka 80 ayi. Amatetezedwa chifukwa miyendo yake yafooka, maso ake achita khungu, kapena wagwidwa ndi matenda oiwalaiwala aja otchedwa Alzheimer. Popeza amene amalowa mnyumba zotere ndi ofooka kale, ambiri a iwo lamuloli limawafikira.

Zigawo zina zinadula nkhani mwachidule. Ku California ndi ku Michigan lamulo la chigawo limati nyumba yokhala ndi chiphaso, yosunga anthu 6 kapena ocheperapo, iwerengedwe ngati nyumba ya banja wamba. Khonsolo ilibe mphamvu yoitanitsa msonkhano wa anansi kapena kufuna chilolezo chimene siifuna kwa mabanja ena.

Koma chiwerengero cha 6 chili ndi vuto lake, ndipo vutolo ndi ndalama. Thandizo la boma la Medicare, limene limalipirira nkhalamba kuchipatala, sililipira chipinda ndi chakudya mnyumba zotere. Mwini nyumba ayenera kulipira osamalira usana ndi usiku, magetsi, chakudya ndi inshuwalansi kuchokera m'matumba a mabanja asanu ndi limodzi okha. Agogo mmodzi akamwalira, bedi likakhala lopanda munthu miyezi iwiri, nyumba yonse imagwedezeka. Mumzinda wa Taylor pafupi ndi Detroit, eni nyumba yotchedwa Mortenview Manor, imene inkasunga nkhalamba 6 zolumala, anapempha kuti azisunga 12. Mzinda unakana. Mlandu unayenda zaka zingapo, ndipo mu 1996 bwalo la apilo linagamula kuti mzinda ulole anthu 9. Linaona kuti anthu atatu owonjezera, amene sayendetsa ngakhale galimoto, sangasinthe maonekedwe a dera, pamene kukana kukanachititsa kuti nyumba zotere zisowe. Eni nyumba sanapeze 12 amene anafuna, mzinda nawo sunaime pa 6. Ife tikuona kuti chigamulo chimenechi chinali chanzeru, pakuti nyumba ikakula kwambiri imaleka kukhala khomo nisanduka kachipatala, ndipo pamenepo dandaulo la anansi limakhala ndi phata.

Tsopano tifike pa chipata chachiwiri, chiphaso cha boma la chigawo. Ichi sichinaikidwe chifukwa cha anansi, chinaikidwa chifukwa cha agogo eni ake. Ku California chimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Wopempha ayenera kuchita maphunziro ndi kupambana mayeso. Iye ndi antchito ake amadindidwa zala kuti zidziwike ngati anapalamulapo mlandu. Azozimitsa moto amabwera kudzaona makomo, ndipo chilolezo chawo chimanena ngati mnyumbamo mungagone oyenda okha, oyenda pa njinga ya olumala, kapena ogonera pabedi. Mankhwala ayenera kutsekeredwa, ndipo oyendera a boma amafika osanena tsiku. Ife ansembe amene timayendera odwala m'makomo tikudziwa kuti nkhalamba yofooka siidandaula msanga. Imaopa kukwiyitsa dzanja limene limaidyetsa. Nchifukwa chake pafunika diso la munthu wakunja, amene saopa mwini nyumba.

Chomvetsa chisoni nchakuti chipata chachiwirichi nacho anthu anayesa kuchisandutsa mpanda. Lamulo la ziphaso ku Michigan linkati nyumba yatsopano isakhale pafupi ndi inzake kuchepera mafiti 1,500, amene ndi mamita pafupifupi 450, ndiponso kuti anansi adziwitsidwe chiphaso chisanaperekedwe. Mayi wina anafuna kusunga anthu 4 olumala mumzinda wa Westland, namanidwa chiphaso chifukwa panali kale nyumba ina pafupi. Mu 1996 bwalo la apilo linathetsa mfundo zonse ziwirizo. Ku Montgomery County m'chigawo cha Maryland, osunga nkhalamba ankakakamizidwa kulembera makalata anansi ndi mabungwe a m'dera, kuwauza mtundu wa anthu amene adzakhale mnyumbamo ndi kupempha maganizo awo. Bwalo linathetsa lamulo limenelo mu 1993. Taganizani, abale: banja lina lililonse likasamukira m'dera, palibe amalemba kalata yolengeza matenda a anthu ake. Kalata yotere siiwonjezera bulangete pabedi la agogo, siiyeretsa khitchini, siiphunzitsa wosamalira. Ntchito yake nkuitana otsutsa basi.

Tisaganize tsono kuti mabwalo atachotsa mipanda imeneyi zonse zinalongosoka. Chiphaso chimateteza agogo pokhapokha ngati boma limabweradi kudzaona. Ku California kunali nthawi imene lamulo linkangofuna kuti nyumba iyenderedwe kamodzi pa zaka 5. Mu October 2013 boma la chigawocho linalamula kuti nyumba ya Valley Springs Manor ku Castro Valley itsekedwe chifukwa cha zolakwa zambiri. Inali nyumba yokulirapo kuposa zija tafotokozazi, koma chiphaso chake chinali cha mtundu womwewo. Lamulo lotseka linaperekedwa, koma ntchito yosamutsa okhalamo sinamalizidwe. Antchito ambiri, poona kuti salipidwanso, anachoka. Mnyumbamo munatsala nkhalamba ndi odwala oposa 10, ena ogonera pabedi, ena osadziwa ngakhale pamene ali.

Anatsala nawo anthu awiri amene sanali anamwino konse: wophika ndi wosesa. Kwa masiku angapo, osayembekeza malipiro, anawadyetsa, kuwasambitsa, kuwasintha zovala ndi kuwapatsa mankhwala monga anathera, akuimbira lamya ofuna thandizo, kufikira apolisi ndi azozimitsa moto anabwera kudzawatenga onse. Nkhaniyi itamveka, aphungu a chigawocho mu 2014 anakhazikitsa malamulo atsopano angapo. Anawonjezera maola a maphunziro a osamalira, ndipo pambuyo pake oyendera analamulidwa kufika kawirikawiri kuposa kale. Anasinthanso chindapusa: kufikira nthawi imeneyo, nyumba imene kunyalanyaza kwake kwaphetsa nkhalamba inkalipira madola 150 okha, ndipo lamulo latsopano linakweza chindapusacho kufika madola 15,000.