Nkhunda yonyamula uthenga

Asilikali akapita kutali amalankhula ndi akuluakulu awo pa wailesi. Koma wailesi imafa. Mabatire amatha. Nthawi zina phiri limatsekereza mawu. Palinso vuto lina: mdani naye amamvetsera.

Nanga uthenga upita bwanji?

Kale asilikali ankanyamula nkhunda m'madengu. Nkhunda siiwala kwawo. Munthu akaitulutsa kutali, imabwerera ku khola lake. Conco khola ankaliika kumene kuli akuluakulu a nkhondo. Msilikali ankalemba uthenga pa kapepala kopyapyala. Ankakapinda, n'kukaika m'kabotolo kakang'ono. Kabotoloko ankakamanga ku mwendo wa nkhunda.

M'caka ca 1943 kunali nkhondo ku Italy. Asilikali a ku Britain analowa m'mudzi wa Calvi Vecchia, adani atacokamo. Koma anzawo a ku America sanadziwe. Ndege zawo zinali zokonzeka kukaponya mabomba pa mudziwo. Wailesi inakana kugwira nchito. Pamenepo anatulutsa nkhunda, dzina lake G.I. Joe. Inauluka makilomita 32 pa mphindi 20 zokha. Inafika ndege zili pafupi kunyamuka. Ndege sizinapite, ndipo anthu a m'mudzi ndi asilikali anapulumuka. Mu 1946 nkhundayo inalandira mendulo ku London.

Si nkhunda zonse zinkafika. Ina inkagwidwa ndi kabawi, ina inkawomberedwa. N'cifukwa cake nthawi zambiri ankatumiza ziwiri ndi uthenga umodzi.

Nanga mdani akatola kapepala? Apa m'pamene panali nzeru. Uthenga wofunika ankaubisa posintha zilembo. Mwacitsanzo, cilembo ciliconse cisinthidwe ndi cotsatira cake. U akhala V, F akhala G, A akhala B. Mawu akuti UFA asanduka VGB. Wodziwa lamuloli awerenga. Wosadziwa angoyang'ana. Lamulo lotere limachedwa kiyi. Kiyi iyi ndi yosavuta, mwana wocenjera angaitulukire. Ya asilikali inali yovuta kwambiri.

Lero asilikali amatumiza uthenga pa makompyuta, ndipo kompyuta ndiyo imasintha zilembo. Intaneti ikaduka, uthenga umadikira uli wotsekedwa.

M'nyumba ina ku England munapezeka mafupa a nkhunda, m'njira yotulukira utsi. Kabotolo kanali cimangire ku mwendo. Pa kapepala panali magulu 27 a zilembo, gulu lililonse zilembo 5. Mu 2012 akatswiri a boma anayesa kuwerenga. Analephera, cifukwa kiyi analibe.