Tiana ta abakha tochedwa kuswa: vuto si chisanu chokha

Mwezi wa Meyi ukafika, anthu a ku Kanyama ndi ku Chawama, kuno ku Lusaka, amandifunsa za tiana ta abakha akutchire timene ana awo atola m'mbali mwa madzi: "Kodi tianati tipulumuka chisanu cha Juni?" Ntchito yanga ndi yowerenga mbalame za m'madzi, makamaka mu Januwale ndi mu Julayi, ndipo ndimawayankha kuti chimene chimapha tianati kwambiri n'kuphwa kwa madzi. Chisanu chimangomalizitsa.

Kanyama ali pa thanthwe la laimu, madzi apansi ali pafupi. Mvula ikagwa, maenje amene anthu anakumbamo miyala amadzaza, udzu n'kumera, abakha olira ngati likhweru aja, a nkhope yoyera, n'kubwera kudzaikira. Chisa choyamba chikamira ndi mvula ya Febuluwale, amaikiranso. Mazira amatenga pafupifupi milungu 4 kuti aswe, ndipo tiana timafuna milungu ina pafupifupi 8 kuti tiuluke. Werengani nokha: kamwana ka dzira la mu Epulo kadzauluka mu Julayi, dziwe litasanduka matope.

Apa m'pamene pamandiwawa. Madzi akamachepa, udzu wobisalamo umatsala kumtunda, ndipo pakati pamakhala matope oyera pomwe galu, mphaka, khwangwala ndi mnyamata wa legeni amaona chilichonse. Tizilombo tomwe tianato timadya natonso timachepa. Ndiye kubwere usiku wa Juni, pamene kuno ku Lusaka kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Kamwana kokhuta, kogona pansi pa mayi ake, kamadzuka bwinobwino. Koma kanjala, konyowa, komwe makolo ake athamangitsidwa madzulo, m'mawa mumakapeza kali gwaa, timiyendo titatambasuka.

Kuchedwa pakokha si tsoka. Ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon, m'madambo a Kafue, mbalame yaitali yotchedwa wattled crane imaikira m'nyengo yozizira imeneyi, madzi osefukira akamabwerera. Kumeneko madzi amakhalitsa, ngakhale kuti damu la Itezhi-Tezhi linasokoneza kasefukidwe kake kuyambira m'ma 1970.

Choncho ana akabwera ndi tiana ta abakha kunyumba, musatipatse nsima kapena kutitsekera m'katoni. Tibwezeni tsiku lomwelo pamalo pomwe anatitola, dzuwa lisanalowe, muike m'udzu, mutalikire ndipo mumange agalu. Nthawi zambiri makolo ake amakhala ali pafupi, ndipo akamva kulira amabwera.