Chuma cha Masiye Pakati pa Tchalitchi, Mzikiti ndi Mbumba ku Thyolo

Munthu wogwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kaya ku Satemwa, ku Naming'omba kapena ku Makwasa, akatsikira kuli chete atatumikira zaka zambiri, sasiya khola la ng'ombe kapena nkhokwe zosefukira. Chimene amasiya ndi njinga, wailesi, malata angapo amene anali kusonkhanitsa kuti adzafolere nyumba ya ukalamba wake, ndiponso ndalama zolembedwa m'mabuku a kampani. Nyumba imene anali kugonamo ndi ya esiteti, ndipo maliro akatha wamasiye ayenera kuisiyira wantchito wina. Munda wa kumudzi nawo, m'boma limene nthaka yachonde idaphimbidwa ndi tiyi kalekale, ndi kachigawo kamene mbumba yonse ikupenyetsetsa. Chuma chochepa choterechi ndicho chimautsa mikangano yowawa, makamaka ngati womwalirayo adatembenuka ali moyo, kuchoka kumzikiti kupita kutchalitchi kapena kutchalitchi kupita kumzikiti, pakuti pamenepo pa nkhani ya cholowa pamakhala magulu atatu, lililonse lili ndi chilamulo chake m'manja.

Oyamba kulankhula ndi eni mbumba. Amang'anja amene adali kuno kale, Alomwe amene adawoloka kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900 nalowa m'goli la thangata, ndi Ayawo amene ambiri a iwo ndi Asilamu, onsewo amawerenga mtundu kutsata mayi. Kwa iwo mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna ndi mkamwini, ndipo zimene wasiya zimayang'aniridwa ndi abale ake ndi ana a alongo ake. Amishoni atafika, monga a Seventh Day Adventist amene adakhazikika pa Malamulo m'chaka cha 1902, adaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi wake ali thupi limodzi, ndi kuti atate ndiye ayenera kusamalira ana obala yekha. Koma boma la atsamunda, litayesa njira zingapo, lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1923 lonena kuti ukwati wa anthu akuda wodalitsidwa m'tchalitchi ulembedwe m'kaundula, koma usasinthe kanthu pa zimene mwambo ulamula. Motero Mkhristu ankabatizidwa, nakwatira pamaso pa abusa, nayimba m'kwaya moyo wake wonse, koma tsiku la kusudzula likafika atsibweni ndiwo anali kugawa katundu, abusa atabwerera kwawo.

Gulu lachiwiri ndi la chipembedzo. Chisilamu chili ndi magawidwe ake osanjidwa bwino, amene mashehe amawadziwa pamtima: mkazi wamasiye amene mwamuna wake wasiya ana alandira gawo limodzi mwa magawo 8, mwana wamwamuna alandira kuwirikiza kawiri gawo la mlongo wake, ndipo munthu sangagawe yekha zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake. Pali chiphunzitso chinanso chimene chimabaya mtima m'mabanja osakanikirana, chakuti Msilamu ndi wosakhala Msilamu salandirana cholowa. Tiyerekeze kapitawo wachisilamu amene adakwatira mkazi wachilomwe wosunga Sabata, ana ena natsata atate, ena natsata amayi. Iye akamwalira, abale ake adzamuika m'manda msangamsanga monga mwa chipembedzo chawo, ndipo m'menemo mulibe cholakwa. Koma pofika pa sadaka mudzamva wina akunena motsitsa mawu kuti ana a kutchalitchi adadzichotsa okha pa mzere wa olandira. Akhristu nawonso asadziyeretse, pakuti alipo makolo amene adatemberera mwana chifukwa cholowa Chisilamu, nalumbira kuti sadzakhudza ngakhale khasu lawo. Amati chibale n'fupa sichiola, koma pasiwa zotere fupalo limayesedwa ndithu.

Gulu lachitatu, limene kawirikawiri silikhalapo pasiwa chifukwa palibe woliitana, ndi lamulo la dziko. Lamulo la 1967 lidayesa kukondweretsa mbali zonse: m'madera a chikamwini, mwamuna akafa osalemba wilo, mkazi, ana ndi ena omudalira ankagawana magawo awiri mwa asanu, pamene atatu otsalawo ankapita kwa olandira mwa mwambo. Nyumba ya Malamulo idafafaniza zimenezi m'chaka cha 2011. Tsopano chuma cha wofa wopanda wilo chipita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi iwo amene anali kudya m'manja mwake. Wamasiye asunga ziwiya za m'nyumba. Mwana wamkazi ndi wamwamuna ayesedwa muyeso umodzi, kupatula kuti wamng'ono, amene ulendo wake wa sukulu udakali wautali, aganiziridwa koposa. Ndipo wolanda chuma cha masiye angathe kukagwira ukaidi zaka 10. M'ndime zonsezi bwalo la milandu silifunsa kumene munthu amagwada popemphera. Mwana amene adabatizidwa ali ndi gawo pa chuma cha atate wake Msilamu, monganso mwana amene adalowa Chisilamu ali nalo pa chuma cha atate wake mkulu wa mpingo.

Pali anthu ena amene kutembenuka kumawaponda mwakachetechete, ndiwo akazi a pamitala. Mwamuna wofuna ubatizo amauzidwa kuti asunge mkazi mmodzi, ndipo winayo amabwerera kwa amake ndi ana kumsana, mpingo uli kukondwera kuti nkhosa yotayika yapezeka. Kaya mayiyo adzawerengedwabe ngati mkazi wake, ndi nkhani imene bwalo lingaunike, popeza lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa bwanamkubwa, wa ankhoswe, wa chipembedzo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali. Koma za ana ake palibe chokayikitsa, pakuti madzi a ubatizo sachotsa dzina la mwana pa cholowa.

Ine ndiona kuti munthu amene afunadi kuti chikhulupiriro chake chilamulire chuma chake ali ndi khomo limodzi lotseguka, ndilo kulemba wilo akadali ndi mphamvu, nasaina pamaso pa mboni ziwiri. Msilamu angathe kugawa motsata chiphunzitso chake, napatsa mkazi wake Mkhristu kuchokera pa gawo lachitatu lija limene chipembedzo chimlola. Mkhristu angathe kukumbukira mphwake amene adamlera. Komabe wilo si chikwapu chokwapulira otembenuka, chifukwa mkazi kapena mwana amene wasiyidwa wopanda pogwira angathe kudandaula, bwalo nilimupatsa chomuyenera. Atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, amene amafika kumene loya sadapondeko, akadachita bwino kuphunzitsa zimenezi, m'malo modikira kudzatonthoza anthu atakanganapo kale.

Koma kwa wantchito wokhazikika wa paesiteti, chikalata cholemera koposa nthawi zambiri si wilo ayi. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, wolowa m'thumba la penshoni amalemba maina a anthu amene adzalandire ndalama zake iye akadzafa, ndipo pepalalo limagona m'faelo ku ofesi zaka ndi zaka. Munthu amasintha mpingo, nasintha dzina, nakwatira kachiwiri, nabala ana ena asanu, osakumbuka kubwerera kwa kalaliki kukakonza zimene adalemba ali mnyamata. Ndipo tsiku limene wamasiye akwera mtunda kupita ku ofesi ndi kalata ya amfumu m'manja, amakapeza kuti papepalapo pali dzina la mlongo wa malemu ndi la mkazi woyamba.