Katswiri Woposa Onse pa Tenesi: Zokamba za M'komboni ndi Zimene Zinachitikadi

Mkangano wa katswiri woposa onse si wachilendo m'makomboni a Lusaka. Ku Matero madala sanathetsebe wa Godfrey "Ucar" Chitalu ndi Kalusha Bwalya: awa akuti zigoli 107 za mu 1972, awo akuti zigoli zitatu zimene Kalusha anamwetsa Italy ku Olimpiki mu 1988. Anyamata a ku Chawama ndi ku Kanyama ali ndi Messi ndi Ronaldo wawo. Tsopano poti mabala ali ndi DStv, ndipo makampani obetcha anaika tenesi pa foni, nawonso Federer, Nadal ndi Djokovic alowa m'bwalo. Koma zambiri zimene timakamba za masewerawa ndi zongomvera.

Chofala kwambiri n'chakuti: "Aja ndi masewera a kumayadi, a ana a ku Kabulonga." Mbali ina ndi zoona. Mabwalo ambiri ali kuseri kwa mipanda ya makalabu monga Lusaka Club, ndipo raketi imodzi yabwino ikhoza kumeza lendi ya chipinda ku George. Koma onani kumene akatswiri ena anachokera. Venus ndi Serena Williams anaphunzirira pa mabwalo a aliyense ku Compton, dera lovuta la Los Angeles. Frances Tiafoe, amene anagonjetsa Nadal pa US Open mu 2022, ndi mwana wa makolo ochokera ku Sierra Leone, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yosamalira kalabu ya tenesi. Angella Okutoyi wa ku Kenya, woleredwa ndi agogo ake, anatenga chikho cha atsikana osewera awiriawiri pa Wimbledon mu 2022. Kuno kwathu Olympic Youth Development Centre, imene inatsegulidwa mu 2010 pa Great North Road, siili kutali ndi Matero. Mwana wa m'komboni luso ali nalo. Chimene alibe ndi bwalo, mipira ndi ndalama ya basi.

Ena, poona zovala zoyera za pa Wimbledon ndi owonera ali duu, amati tenesi ndi masewera a anthu aulemu okhaokha, opanda mkwiyo kapena chinyengo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. John McEnroe anathamangitsidwa pa Australian Open mu 1990 chifukwa chotukwana. Tim Henman, amene Angelezi amamuona ngati chitsanzo cha ulemu, anachotsedwa pa Wimbledon mu 1995 atamenya mpira mwaukali n'kugenda nawo mtsikana wotola mipira. Djokovic zinamugwera pa US Open mu 2020, mpira utagunda mayi woyang'anira mzere pakhosi. Ngakhale Federer anaphwanya raketi ku Miami mu 2009. Ndipo inu obetcha, dziwani kuti bungwe la International Tennis Integrity Agency limaletsa osewera chaka ndi chaka chifukwa chogulitsa masewera, makamaka m'mipikisano ing'onoing'ono yomwe imadzaza foni zanu usiku.

Kugwirana chanza pa neti si umboni wa chilichonse, poti aliyense amatero. Chilungamo chenicheni chimaoneka pamene chikhoza kukuluzitsa. Mu 1982, pa French Open, Mats Wilander wa ku Sweden, ali ndi zaka 17, anali pa poyinti yomaliza mu semifainolo yolimbana ndi José Luis Clerc. Mpira wa Clerc anauweruza kuti watuluka, woyimbira n'kulengeza kuti masewera atha. Wilander anakana kupambana motero, napempha kuti aibwereze poyintiyo. Anaipambananso, kenaka n'kutenga chikho. Andy Roddick sizinamuyendere choncho ku Rome mu 2005. Anali patsogolo, atangotsala ndi poyinti imodzi kuti agonjetse Fernando Verdasco, pamene woyang'anira mzere anati mpira wa Verdasco wagwa kunja. Pa bwalo la dothi mpira umasiya chizindikiro. Roddick anachiyang'ana, n'kunena yekha kuti wagwa m'kati. Verdasco anadzuka pamenepo mpaka kupambana. Roddick akanangokhala chete palibe akanam'tcha wakuba. Mwa nkhani zonse za ulemu pa tenesi, imeneyi ndiyo ndimaiona yolemera, chifukwa mwini wake anailipira.

Zoterezi zikuchepa pa mipikisano ikuluikulu. Kuyambira 2025 ngakhale Wimbledon inasiya anthu oyang'anira mizere, makamera ndiwo akuweruza. Koma pa mipikisano yambiri ya ana ndi ya m'makalabu, wosewera amaweruza yekha mipira yogwera mbali yake. Aliyense amene anasewerapo chimpombwa pa fumbi la ku Mtendere, magolo ali miyala iwiri ndipo refa palibe, akudziwa kuti pamenepo ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera.

Tifike pa mkangano weniweni. Ku Lusaka ambiri amati Roger Federer ndiye woposa onse, ndipo chikondicho chili ndi maziko. Mayi ake ndi a ku South Africa. Bungwe lake limathandiza maphunziro a ana aang'ono ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo iye mwini anafika ku Malawi mu 2015 ndi ku Zambia mu 2018. Mphoto ya khalidwe labwino ya Stefan Edberg anailandira ka 13, pamene Djokovic sanailandirepo. Koma zikho zikuluzikulu za Grand Slam Federer ali nazo 20, Nadal 22, Djokovic 24. Pa nambala wani Federer anakhalapo masabata 310, Djokovic 428. Pokumana maso ndi maso, Djokovic anagonjetsa Federer ka 27 n'kugonja ka 23. Kwa Nadal ndi 31 kwa 29. Golide wa Olimpiki amene anthu ankamunyoza naye kuti alibe, Djokovic anam'peza ku Paris mu 2024. Kusewera kosalala kwa Federer kunkakoma m'maso, koma zimenezo n'zina, kupambana n'kwina.

Okonda Djokovic nawo asafulumire kuomba m'manja n'kumati manambala athetsa nkhani. Choyamba, mawu akuti "woposa onse" timawakamba ngati amayi kulibe. Margaret Court nayenso ali ndi 24, Serena 23, chomaliza anachitenga mu 2017 ali woyembekezera. Steffi Graf mu 1988 anasesa zikho zonse zinayi ndi golide wa Olimpiki m'chaka chimodzi. Chachiwiri, nyengo sizifanana. Mwa zikho 24 za Court, 11 ndi za ku Australia kwawo, pa nthawi imene akatswiri ambiri a ku Ulaya ndi ku America sankapitako chifukwa cha kutalika. Rod Laver anasesa zikho zonse zinayi mu 1962, kenaka n'kutsekeredwa kunja zaka zisanu chifukwa choyamba kusewerera ndalama. Chitseko chitatsegulidwa mu 1968, anasesanso zonse mu 1969. Chiwerengero chake cha 11 chimabisa zaka zimene anamulanda.

Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa zimenezi. Messi atagoletsa zigoli 91 mu 2012, dziko lonse linati palibe anafikapo pamenepo. FAZ inatulutsa dzina la Chitalu wa Kabwe Warriors, koma FIFA inati siisunga mabuku a mipikisano ya m'maiko, nkhani n'kuthera pomwepo. Manambala amadalira amene anagwira cholembera.

Tsono mukamakangana pa kantemba ku Kalingalinga, yambani mwagwirizana funso. Ngati ndi la amene anapambana zambiri mwa amuna, yankho ndi Djokovic, ndipo palibe chifukwa chotulutsira thukuta. Ngati ndi la amene analamulira bwalo limodzi, ndi Nadal ndi zikho zake 14 za French Open. Koma ngati mukufuna munthu woti mwana wanu amutsanzire akagwira raketi koyamba, muuzeni za Roddick ku Rome, munthu wa chikho cha Grand Slam chimodzi chokha.