Kunenepa ndi BP: achinyamata athu nawonso ayezetse

Mnyamata akachoka kuno ku Vubwi kukagwira ntchito ku Chipata kapena ku Lusaka, n'kubwera pa Khirisimasi masaya atatuluka, timamulandira ndi mawu akuti, "Wanenepatu, zikukuyendera!" Timanena ndi mtima wabwino, poti ambiri a ife tinakula tikuona kuwonda ngati chizindikiro cha njala kapena matenda. Koma abale ndi alongo, thupi lomwe tikuliyamikiralo nthawi zambiri limabwera ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene timangowatcha BP, ngakhale mwa munthu wa zaka 25.

Thupi likamakula limafuna magazi ambiri, ndiye mtima umapopa mwamphamvu kuti magaziwo afike paliponse. Mafuta a pamimba ndiwo ovuta kwambiri. Amapanikiza impso ndi kusokoneza ntchito yake, mwakuti zimayamba kusunga mchere ndi madzi zimene zikanatuluka ndi mkodzo. Madzi akachuluka m'mitsempha, magazi amakankha makoma ake mwamphamvu, monga zimachitikira mukapopa kwambiri tayala la njinga. Zikayamba munthu ali ndi zaka 25, pofika 45 mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zimakhala zitapirira zaka 20. Sitiroko imene timati "yangomugwera" imakhala itayamba kalekale.

Choopsa n'chakuti BP siimva kuwawa. Ambiri alibe mutu kapena chizungulire, amalima ndi kuimba m'kwaya bwinobwino. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Zambia mu 2017 anapeza kuti mwa anthu a zaka 18 mpaka 69, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wonenepa mopitirira.

Moyo wa achinyamata wasinthanso. Mtunda umene makolo ankayenda pansi kapena kupalasa, lero ndi wa njinga yamoto. Wogulitsa pa kantemba amakhala tsiku lonse pampando, chakudya chake chili vitumbuwa, chipisi ndi chakumwa cha shuga. Amene akugwira khasu tsiku ndi tsiku ali ndi mwayi pamenepa, ngakhale iwonso mchere wambiri ndi mowa zimawapeza. Owonda asadzinamize: BP imayendanso m'magazi a pabanja.

Makina oyezera amaonetsa manambala awiri. Pafupi ndi 120/80 ndi pabwino. Akafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti BP yakwera. Za kulemera, achipatala amayerekeza makilogalamu ndi msinkhu: munthu wotalika mamita 1.65 akapitirira makilogalamu 68 wayamba kunenepa mopitirira, ndipo pa 82 zafika poipa. Kunyumba chingwe chimakwanira. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pawiri, muzungulize pamimba cha pa mchombo. Chikalephera kukumana, mimbayo yakula.

Ubwino wake, BP ya kunenepa imatsika thupi likamatsika, pafupifupi nambala imodzi pa kilogalamu iliyonse. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, kasipuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa mu kapenta wouma. Soda wa mu delele nayenso amachita ngati mchere. Limatinso tizigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndiwo zotendera nshawa n'zabwino kuposa zosambira m'saladi, ndipo nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba.

Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa, kaya pa kiliniki yapafupi, ku St Francis ku Katete kapena ku Nyanje ku Sinda. Alongo oyembekezera asaphonye sikelo, chifukwa BP ya pa mimba imaika pangozi mayi ndi mwana yemwe. Amene anapatsidwa mankhwala apitirize kumwa ngakhale tawapempherera ndipo akumva bwino. Wowasiyitsa akhale dokotala. Tikupempha atsogoleri a achinyamata m'mipingo yathu kuti akambirane ndi anamwino a m'dera lawo, abwere ndi makina Lamulungu lina tikaweruka mapemphero.